Mutu 8: Mita Yosathimitsa Magetsi

M'nyumba zambiri za m'tauni, kamita ka magetsi kakayamba kulira madzulo palibe amafunsa kuti chavuta n'chiyani. Mayi amatenga foni n'kugula mayunitsi, kenako amakwera pampando pafupi ndi khoma, mwana akuwaunikira ndi tochi uku akuwawerengera manambala. Manambalawo ndi 20, ndipo akaphonya imodzi yokha amayambiranso. Tsiku limene ndalama palibe, nkhani yake imakhala yaifupi: magetsi amathima, nyumba yonse n'kuti bii, anthu n'kuyatsa kandulo. Zimapweteka, koma m'mawa palibe amadzuka ndi ngongole ya ESCOM. Bandulo ya Airtel kapena TNM nayo ili ndi khalidwe lomweli. Ikatha, mwina imadyako mayunitsi otsala mufoni, koma nawo akatha, basi kwatha.

Mita ya madzi yakale ija, yoti munthu amagwiritsa kaye ntchito n'kudzalipira pakutha pa mwezi, ili ndi mtima wina. Paipi ikaphulika pansi pa nthaka kuseri kwa nyumba, madzi amatayika usana ndi usiku mita ikungozungulira, ndipo mwini nyumba amadzadziwira papepala la bilu. Makompyuta amene makampani amabwereka pa intaneti masiku ano amayendera mita ya mtundu umenewu. Kusiyana kwake n'kwakuti paipi ya madzi ili ndi kukula kwake, moti pali malire a madzi amene ingataye pa tsiku, pamene paipi ya makompyutawa imatha kudzikulitsa yokha.

Mtambo umene uli pansi

Pulogalamu iliyonse ya pafoni, tsamba lililonse la pa intaneti, zimakhala ndi kwawo. Kwawoko ndi kompyuta yamphamvu yosazimitsidwa, imene ntchito yake ndi kuyankha mafoni ndi makompyuta ena akafuna kanthu. Kompyuta yotereyi imatchedwa seva. Kale, kampani yofuna seva inkaigula, kuikonzera chipinda chozizira, kugula jenereta, n'kulemba munthu woisamalira. Ndalama inkatuluka yambiri nthawi imodzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti yatuluka zingati.

Zinthu zinasintha mu 2006. Mu Malichi chaka chimenecho kampani ya Amazon inayamba kubwereketsa malo osungiramo deta pa mtengo wa masenti 15 a ku America pa gigabaiti imodzi pa mwezi. Mu Ogasiti inayambanso kubwereketsa maseva pa masenti 10 pa ola. Munthu wokhala ndi khadi la kubanki anatha tsopano kuyatsa seva ali khale pampando kwawo, kuigwiritsa ntchito maola atatu, n'kuibweza. Google inalowa m'malondawa mu 2008, ndipo Microsoft inatsegula Azure mu 2010. Malonda amenewa ndiwo amatchedwa cloud, kutanthauza mtambo.

Dzinali lisanamize munthu, kumwamba kulibe kanthu. Masevawo ali pansi pompano, m'zinyumba zikuluzikulu zonga zosungiramo fodya za ku Kanengo, zokhala ndi alonda, mipanda ndi makina oziziritsa. Zinyumbazi zili m'zigawo zosiyanasiyana za dziko lapansi. Zapafupi ndi kuno zili ku South Africa: Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024.

Lonjezo la malondawa ndi lokoma m'makutu: munthu amalipira zokhazo zimene wagwiritsa ntchito. Ndipo n'zoona. Chimene lonjezolo silitchula n'chakuti mita si imodzi.

Mamita angati pa nyumba imodzi?

Mita yoyamba imawerenga nthawi. Seva ikayatsidwa imalipitsa, kaya ikugwira ntchito kaya ikungokhala, monga mmene nyumba ya lendi imalipitsira ngakhale wokhalamo atapita kumudzi. Amazon inkawerenga pa ola, koma kuyambira mu Okutobala 2017 maseva ake ambiri amawerengedwa pa sekondi. Mwezi uli ndi maola pafupifupi 730, choncho seva ya masenti 10 pa ola imadya madola 73 pa mwezi.

Mita yachiwiri imawerenga katundu wosungidwa. Mtengo uja wa masenti 15 unatsika kwambiri, moti m'zigawo za ku America gigabaiti imodzi pamalo osungira a Amazon otchedwa S3 ili pa masenti 2.3 pa mwezi. Magigabaiti 500 ndiye kuti ndi madola 11.50. Yachitatu imawerenga kugogoda. Nthawi iliyonse imene foni kapena kompyuta yapempha kuika kanthu kapena kutenga kanthu, pamenepo pagogodedwa kamodzi, ndipo mita yalemba. Mtengo wake umaoneka ngati nthabwala: theka la senti pa mapempho 1,000 oika zinthu.

Koma mita imene imagwetsa ambiri ndi yachinayi, yowerenga deta yotuluka. Kulowetsa deta mumtambo nthawi zambiri n'kwaulere. Kuitulutsa kupita kwa anthu pa intaneti ndiko kumalipitsa. Ku Amazon, magigabaiti 100 oyamba pa mwezi ndi aulere, kenako gigabaiti iliyonse ndi masenti 9 m'zigawo za ku America ndi ku Ulaya, ndipo ku Cape Town mtengowo ndi wokwererapo.

Apa m'pofunika chitsanzo. Gulu lina la kwaya laika kanema wake wa mamegabaiti 50 pa tsamba lake. Kusunga kanemayo mwezi wathunthu sikufika ngakhale senti imodzi. Ndiye Lamlungu lina munthu wina waponya ulalo wake m'magulu a WhatsApp, anthu akonda, ndipo kanemayo waoneredwa maulendo 100,000. Deta yotuluka yakwana magigabaiti pafupifupi 5,000. Kuchotsapo 100 aulere aja, otsalawo pa masenti 9 akupereka madola 441. Pa tsamba sipanawonjezedwe chilichonse, palibe amene wakhudza batani, koma bilu yakwera kuposa lendi ya seva ya miyezi 6. Oimba akusangalala kuti atchuka, msungichuma yekha ndiye wagwira mutu.

Cholakwa chimenechi si cha anthu wamba okha. Mu 2020 ofesi yofufuza kayendetsedwe ka chuma ku NASA, bungwe la boma la America loona za mlengalenga, inapeza kuti pokonza zosamutsira mumtambo deta yake yochuluka ya zanyengo ndi za dziko lapansi, bungwelo silinawerengere mokwanira ndalama zimene lizidzalipira asayansi akamakopera detayo. Anthu oponya zombo kumwezi nawonso anaiwala mita yachinayi.

Palinso timamita ting'onoting'ono tobisala m'makona. Kuyambira pa 1 Febuluwale 2024, Amazon imalipiritsa theka la senti pa ola pa adiresi iliyonse ya mtundu wa IPv4, imene ili ngati nambala ya nyumba ya seva pa intaneti. Pa chaka ndi madola 43.80 pa adiresi imodzi. Kampani yokhala ndi maadiresi 200 inangoona bilu yatupa popanda chimene yasintha.

Belu limene limalira mochedwa

Makampani atatu onsewa amalola kasitomala kuika bajeti. Munthu amalemba kuti mwezi uno asapitirire madola 50, ndipo mtima umakhala m'malo, akuganiza kuti watseka mpopi. Sanatseke kanthu. Bajeti imeneyi ndi belu chabe. Ndalama ikafika pamene panaikidwa, kumabwera imelo, koma makina amapitiriza kugwira ntchito ndipo mita imapitiriza kuyenda. Kupatula maakaunti ena oyeserera ndi a ophunzira, palibe chimene chimathima chokha.

Eni malondawa ali ndi chifukwa chomveka. Sitolo ya pa intaneti imene yazimitsidwa pa tsiku la malonda otentha chifukwa choti yadutsa bajeti ndi madola awiri ingakwiye kwambiri kuposa imene yalandira bilu yokwera. Komabe sitingabise kuti mita yopanda malire siimupweteka wogulitsa.

Vuto lachiwiri ndi lakuti belulo limachedwa. Ziwerengero za mamita onse aja zimasonkhanitsidwa kuchokera m'makina ambirimbiri, ndipo zimatha kutenga maola angapo, mwina tsiku lathunthu, zisanaonekere pa tsamba la bilu. Chimene munthu akuona m'mawa uno ndi chithunzi cha dzulo.

Kakampani kena ka ku America kotchedwa Milkie Way kanaphunzira zimenezi mowawa mu Malichi 2020. Eni ake ankayesa pulogalamu yoyendayenda pa masamba a intaneti kutolera zidziwitso, ndipo anaika bajeti ya madola 7 pa mtambo wa Google. Pulogalamuyo inali ndi kacholakwa kamodzi. Ikatsegula tsamba, inkatuma anzake kukatsegula masamba onse olumikizidwa ku tsambalo, koma masambawo ankalozanso kumbuyo ku tsamba loyamba lija, ndiye ntchito inangozungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake. Mtambo, poona kuti ntchito yachuluka, unachita zimene unapangidwira: unawonjezera makina. M'maola ochepa nkhokwe yawo ya deta inali itawerengedwa maulendo 116 biliyoni. Mtengo wake unali masenti 6 okha pa maulendo 100,000, koma ziwerengero zonse zitafika bilu inayandikira madola 72,000. Google inawakhululukira ngongoleyo, ndipo eni akewo analemba nkhani yonse poyera kuti ena atengerepo phunziro.

Nkhani ina ya mu Epulo 2024 ndi yodabwitsa kuposa apa, chifukwa wolandira biluyo sanalakwe kanthu. Katswiri wina wa mapulogalamu anatsegula malo osungira deta pa S3, amene Amazon imawatcha ndowa, n'kuipatsa ndowayo dzina. Patapita masiku awiri anapeza bilu yoposa madola 1,300. Atafufuza anapeza kuti dzina limene anasankha linafanana ndi dzina lachitsanzo limene linali m'pulogalamu ina yaulere yogwiritsidwa ntchito ndi makampani ambiri. Makina a makampaniwo ankagogoda pa ndowa yake kufuna kusungitsa zinthu zawo, pafupifupi maulendo 100 miliyoni tsiku limodzi. Ndowayo inkawakana onse, koma kukanako nako kunkalipitsa mwini ndowa. Amazon inafafaniza biluyo, ndipo nkhaniyi itamveka, mu Meyi chaka chomwecho inalengeza kuti yasiya kulipiritsa kugogoda kokanidwa kwa anthu achilendo.

Onse awiriwa anakhululukidwa. Koma chikhululukiro chotere si lamulo lolembedwa. Amene makiyi a akaunti yake abedwa, akuba n'kuyatsa maseva akuluakulu ambiri okumbira ndalama za pa intaneti usiku umodzi, amayenera kuchonderera yekha.

Thumba lililonse likhale ndi dzina

Kuchigayo, tsiku limene anthu achuluka, matumba a chimanga amandandalikidwa pamzere ndipo ambiri amafanana. Wanzeru amalemba dzina pathumba lake ndi khala, kapena kumangirirapo kansalu. Popanda zimenezo, ufa ukatuluka pamabuka mkangano.

Bilu ya mumtambo ikafika imafanana ndi mzere wa matumba opanda mayina. Imanena kuti maseva adya zakuti, zosungira zadya zakuti, koma siinena kuti seva iyi ndi ya ntchito yanji, anaiyatsa ndani, ndipo ikufunikabe kapena ayi. Kampani yaikulu ikakopera bilu yake yatsatanetsatane imapeza mizere mamiliyoni. Njira yothetsera ndi ya kuchigayo yomwe ija: chinthu chilichonse chikamayatsidwa chimamatidwe kachikwangwani, kamene amakatcha tag. Pakachikwangwanipo pamalembedwa mwini wake, dipatimenti yake, ndi ntchito yake, kaya ndi yeniyeni yotumikira makasitomala kaya yoyeserera chabe. Ndiye pa zida zoonera ndalama, monga Cost Explorer ya Amazon kapena Cost Management ya Microsoft, munthu amatha kufunsa kuti, a ku dipatimenti ya malonda adya zingati sabata ino? Yankho limabwera nthawi yomweyo.

Ntchito yake ndi yotopetsa ndipo amisiri ambiri saikonda. Komanso chikwangwani chomatidwa lero kawirikawiri sichifotokoza za ndalama zimene zinapita kale. N'chifukwa chake makampani olongosoka amaika lamulo m'makina momwemo loti chinthu chopanda dzina chisayake n'komwe.

Mayina akalembedwa, zinthu za masiye zimayamba kuonekera. Apa pali seva imene mnyamata wina wophunzira ntchito anayatsa chaka chatha, iye anachoka kalekale koma seva ikadali moto. Apo pali madisiki opanda seva. Ambiri sadziwa kuti kuzimitsa seva n'kosiyana ndi kuifufuta: ikazimitsidwa, mita ya nthawi imaima, koma disiki yake imalipitsabe mwezi ndi mwezi. Palinso maseva oyeserera amene amagwira ntchito kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu. Amenewo ndi maola 50. Sabata ili ndi maola 168. Maola 118 otsalawo, amene ndi 70 pa 100 alionse, kampani imalipira makina akuwodzera. Kapulogalamu kowazimitsa madzulo n'kuwadzutsa m'mawa sikatenga tsiku kulemba.

Nanga belu lochedwa lija? Silingafulumizidwe kwenikweni, koma lingaikidwe mwanzeru. M'malo mwa belu limodzi pamapeto, amaika angapo: lina ndalama ikafika theka la bajeti, lina ikayandikira, linanso lolira pamene makina aneneratu kuti pa liwiro limeneli mwezi udzatha bajeti itadutsidwa. Uthengawo uzipita kwa anthu awiri kapena atatu, osati ku imelo ya munthu mmodzi amene mwina ali kumaliro. Chofunika kuposa belu ndi malire oikidwa pa makina enieniwo, monga kunena kuti pulogalamu iyi isadzichulukitse kupitirira makope 10 zivute zitani. Malire otere amagwira nthawi yomweyo chifukwa sadikira ziwerengero za bilu. A Milkie Way sanasinthe malire amene anawapeza, olola makope 1,000.

Bilu yokwera si nthawi zonse yoipa

Mwini minibasi akauzidwa kuti lero mafuta alowa ochuluka kuposa dzulo sayamba kukalipa. Amafunsa kaye kuti galimoto yayenda matiripi angati ndipo yanyamula anthu angati. Funso lomweli ndilo lofunika pa bilu ya mumtambo. Ngati bilu yachoka pa madola 200 kufika pa 300, koma makasitomala achoka pa 1,000 kufika pa 3,000, ndiye kuti kasitomala mmodzi amene ankadya masenti 20 tsopano akudya masenti 10. Bizinesi ili bwino. Koma bilu ikakwera makasitomala ali omwewo, penapake paipi yaphulika. Nambala yoyenera kulembedwa pakhoma mwezi ndi mwezi ndi imeneyi, ya mtengo wa kasitomala mmodzi kapena wa malonda amodzi, osati chiwonkhetso chokha.

Ntchito yoyang'anira zonsezi inakula mpaka inapeza dzina lake, FinOps, mawu ophatikiza za chuma ndi za kayendetsedwe ka makina. Bungwe la FinOps Foundation linakhazikitsidwa mu 2019 ndipo linalowa pansi pa Linux Foundation mu 2020. Mfundo yake yaikulu ndi yosavuta: kale wogula makina anali akauntanti, lero ndi mmisiri aliyense wokhala ndi chala chodina batani, choncho awiriwa azikhala pa tebulo limodzi.

Mita ina ili ku banki

Kwa kampani kapena bungwe la ku Malawi pali mita ina imene siili pa tsamba la Amazon kapena Google. Mitengo yonseyi imaikidwa m'ndalama zakunja, makamaka madola. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bilu ya madola 100 imene inali K118,000 inasanduka K170,000 usiku umodzi, seva ili yomweyo, makasitomala ali omwewo. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Meyi 2022, kwacha inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Choncho wolondola bilu kuno ayenera kusunga mabuku awiri, la madola loonetsa ngati makina akudya mopitirira, ndi la makwacha loonetsa ngati bizinesi ingapirire. Kusowa kwa ndalama zakunja nako kumawonjezera nkhawa, pakuti khadi likakanidwa miyezi ingapo akaunti imatsekedwa, ndipo deta imene ili mmenemo ikhoza kufufutidwa.

Kupikula, kapena kusamuka

Amene wailondola bilu yake kwa miyezi ingapo amayamba kudziwa gawo limene silisintha. Gawo limenelo angaligule pa mtengo wopikula. Akalonjeza kugwiritsa ntchito makina kwa chaka chimodzi kapena zitatu, Amazon imati mtengo ungatsike mpaka ndi 72 peresenti. Msampha wake ndi wakuti lonjezo ndi lonjezo: ntchito ikachepa, ndalama imalipidwabe. Palinso maseva otsalira amene amagulitsidwa motchipa mpaka ndi 90 peresenti, koma mwini wake akawafuna amawalanda atangochenjeza mphindi ziwiri zokha. Amenewa amayenera ntchito zoti zikadukizidwa zingathe kuyambiranso popanda wolira.

Ena atawerengetsa anaona kuti lendi yakwana, ndi bwino kumanga yawo. Dropbox inasamutsa deta yake yambiri kuchoka ku Amazon kupita m'makina akeake, ndipo m'zikalata zake za mu 2018 inati yapulumutsa madola pafupifupi 75 miliyoni m'zaka ziwiri. Kampani ya 37signals, yopanga Basecamp, inalengeza kuti mu 2022 inalipira madola 3.2 miliyoni mumtambo, ndipo mu 2023 inagula maseva ake. Makampani amenewa ali ndi ntchito yodziwika kukula kwake ndiponso amisiri okwanira. Kakampani ka ku Limbe kamene kangafunike jenereta, dizilo, makina oziziritsa ndi mlonda kuti seva imodzi isathime, nthawi zambiri lendi ikadali yotchipa. Chimene makampani awiri aja akusiyana ndi ambiri n'chakuti ankadziwa ndalama iliyonse kumene inkapita asanasankhe chochita.

Wowerenga amene anatsegulapo akaunti yotere, kaya pophunzira kaya poyesa bizinesi, ndipo anaperekako nambala ya khadi lake, ayambire pa tsamba la bilu osati pa tsamba la maseva. Tsamba la maseva la Amazon limaonetsa chigawo chimodzi pa nthawi, moti seva yoyaka ku Virginia siioneka kwa munthu amene akuyang'ana za ku Cape Town. Tsamba la bilu limatchula zigawo zonse.